Sabuwufa ya limba la kutchalitchi kwathu, mmene yakhalira mpaka pano

Ena munafunsa nthawi ija kuti bokosi la sabuwufa (sipika ya mawu otsika kwambiri, a bass) lomwe anatikhomera akalipentala a ku Mchesi likugwira bwanji, ndiye pano poti ladutsa nyengo yotentha ndi dzinja lonse ndingathe kunenapo. Kwa amene simukudziwa, limba lathu ndi lamagetsi la mapedulo oponda ndi mapazi, noti yotsikitsitsa pa stop ya 16' (stop ndi chosankhira mtundu wa mawu a limba) imakhala pa 32.7 Hz (Hz ndi muyezo wa mawu, nambala ikachepa ndiye kuti mawu ndi otsika) pomwe masipika athu a PA, okuzira mawu m'tchalitchi, amayamba kufooka cha m'ma 60 Hz. Woimba ankaponda ndithu koma mpingo osamva kanthu. Ndiye tinagula sipika ya mainchesi 18, bokosi la plywood ya 18mm la malita pafupifupi 250, bowo lotulukira mpweya tinalitchuna cha pa 30 Hz, crossover (yomwe imapititsa mawu otsika okha ku sabuwufa) pa 80 Hz.

Sabuwufayi ikugwira abale, ndipo nyimbo za m'buku zikumveka mosiyana ndi kale. Bass yake siyogunda pamtima ngati ya pa ukwati ayi, imangoyala pansi n'kunyamula mpingo wonse, moti azibambo aja ankangong'ung'udza kumbuyo pano akuimba mawu awo mosaopa chifukwa akumva powatsogolera. Ine ndimafuna zimenezi basi.

Chatidyera nthawi ndi nyumbayo. Pali noti zina woimba akangoponda malata onse pwatapwata, magalasi a m'mawindo nawo kumalira. Anyamata anakwera kukakhomerera misomali yomwe inakhwepa, m'magalasimo tinapanikizamo timalabala todula ku chubu cha njinga, phokoso linatha. Komanso bokosi lili pakati kutsogolo mabenchi ena bass inkachuluka ena kuli zii, titalikankhira pakona pafupi ndi khoma zinakhalako bwino mpaka volume tinachita kutsitsa.

Chomwe ambiri saganizira ndi ampu, chipangizo chopatsa sipika mphamvu. Noti ya limba imakhalitsa, phazi likhoza kukhala pa pedulo mzere wonse wa nyimbo, ndiye ampu sipuma, mu Okutobala imatentha yosagwirika, kuonjezera fumbi la Lilongwe lino lomwe limadzadza mu fani. Timaipukuta pafupipafupi ndipo tinaichotsa mu kabati kuti izipitidwa mphepo. Musaiwalenso filter yodula zonse za pansi pa 25 Hz, chifukwa kunsi kwa pomwe munatchuna bowo sipika imangovina yopanda choigwira ndipo itha kung'ambika. Magetsi akathima jenereta yathu ndi yaing'ono imagwada, tsiku limenelo sabuwufa timangoizimitsa.

Pabowo paja tinakhomapo sefa titapeza mbewa zayamba kututiramo mapepala, ndipo bokosi lakhala pa timatabwa kuopa chinyezi cha simenti nthawi ya mvula. Plywood sinafufume pena paliponse.

Amene limba lanu lili ndi stop ya 32' musatengere miyezo yathuyi, noti yake yotsika ili cha pa 16 Hz ndipo bokosi ili silingafikeko, pamafunika lalikulu kuposa apa ndi ampu yamphamvu.