Miyezi 8 ndikupeka nyimbo ndi manambala m'malo mwa zilembo

Nditangoyamba kugwiritsa ntchito Nashville Number System ndinkangoitamanda kwa aliyense. Pano padutsa miyezi 8, ndipo ndaona mbali zake zonse.

Kwa amene simukuidziwa, ndi njira yolembera ma chord (manoti angapo oimbidwa pamodzi) a nyimbo: mu kiyi ya C, m'malo molemba C, F, G mumalemba 1, 4, 5, potengera malo a chord mu kiyiyo. Anaiyambitsa ndi Neal Matthews Jr. wa gulu loimba la ku America la Jordanaires chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Pa nkhani yosintha kiyi ilibe inzake. Mnzanga amene amaimba nyimbo zanga mawu ake sakwera kwenikweni, ndiye tikatsika kuchoka mu D kupita mu B, pepala limakhala lomwelo, osafufuta kanthu.

Koma chimene yandithandiza kwambiri sindinachiyembekezere. Mwezi wachitatu ndinakopera nyimbo zanga zakale mu manambala, ndipo ndinachita manyazi. Pafupifupi zonse zinali 1, 5, 6, 4! Ina inali C, G, Am, F, ina G, D, Em, C ("m" akuimira minor, chord yomveka mwachisoni), ndipo zilembozo zinkandipusitsa kuti ndi zosiyana. Kwa zaka zonsezi ndinkangopeka nyimbo imodzi n'kumaiveka malaya ena.

Sindinathamangire ma chord ovuta. Ndinayamba ndi besi. Mu C, m'malo mwa G wamba ndimaimba G yokhala ndi B pansi, imene amailemba 5/7 (chord ya 5, noti ya 7 pansi), ndiye besi imatsetsereka C, B, A ngati munthu akutsika masitepe. Kenako ndinazolowera 4 minor, yomwe mu C ndi Fm. Mukachoka pa F kupita pa Fm musanabwerere ku C, noti ya A imatsika kukhala A♭ kenako G, ndipo kolasi imatha ndi kachisoni kokoma kamene mawu okha sangabweretse. Ndinaikonda mopitirira muyeso mpaka mnzangayo anandiletsa, akuti nyimbo iliyonse ikumveka ngati yotsanzikana. Inanso ndi 2 major, yomwe mu C ndi D7 yotsogolera ku G, yomwe imadzutsa ndime ikayamba kuwodzera.

Pomwe njira ya manambalayi imandisowetsa mtendere ndi pa nyimbo za minor. Ambiri amalemba nyimbo ya mu Am ngati ili mu C, ndiye kwawo kwa nyimboyo kumakhala pa 6, pomwe khutu langa likumva kuti pamenepo ndiye pa 1. Mpaka lero ndimasokonezeka, ndipo ine ndi woimba besi tinakanganapo kawiri. Komanso nambala siikuuzani kayalidwe ka manoti m'zala. Chord ya 4 yomweyo imamveka mosiyana pa gitala ndi pa kiyibodi.

Ndipitiriza kuigwiritsa ntchito, koma ndasintha nthawi yake. Ndimayamba ndang'ung'udza nyimbo popanda chida m'manja, manambala ndimalemba pambuyo. Ndikaona 1, 5, 6, 4 yatulukiranso papepala, ndimaisiya mu kolasi mokha, ndime n'kuiyambira pa 4 kapena pa 6.