Fupa likaperewera: la mwini, seramiki, pulasitiki kapena chosakaniza?

Anzathu ogwira ntchito za mafupa muno mu Blantyre, ngakhalenso achibale a ovulala pa njinga za kabaza amene akudikirira ku Gulupu, amafunsa chimodzimodzi: fupa likaphwanyika n'kusiya mpata, podzaza pabwino ndi chiyani?

Fupa la mwini wake, lochotsedwa pachiuno, likadali patsogolo. Lili ndi maselo amoyo, thupi sililikana, ndipo siligulidwa. Choipa chake ndi bala lachiwiri lowawa, komanso mwa ana limapezeka lochepa.

Seramiki ya hydroxyapatite ndi mchere womwewo umene uli m'mafupa mwathu, choncho fupa latsopano limaugwira bwino. Koma umasweka ngati mbale yadothi, ndipo umakhala zaka osasungunuka. Beta-TCP, seramiki ina, imasungunuka msangako, n'chifukwa chake ndiyabwino pa mabowo ang'onoang'ono. Simenti ya mafupa ya PMMA, yomwe ndi mtundu wa pulasitiki, imatentha pouma ndipo siisanduka fupa. Ntchito yake yeniyeni ndi kusunga mpata milungu 6 mpaka 8 pa njira ya Masquelet (opaleshoni yochitika kawiri), kenako ichotsedwe n'kudzazapo fupa.

Pamene pali msampha ndi pa masikuluwu a pulasitiki yekhayekha wosungunuka m'thupi, wotchedwa PLA kapena PLGA. Ogulitsa amakopa anthu ponena kuti sipadzakhalanso opaleshoni yochotsa chitsulo. Chimene satchula n'chakuti pulasitikiyu akamasungunuka amatulutsa asidi. Asidiyo amaunjikana mkati mwa sikuluwu, kusungunuka kumathamanga, ndipo magazi sakwanitsa kumuchotsa pa liwiro lomwelo. Pakapita miyezi, mwinanso zaka, wodwala wina amabwera ndi chotupa, bala likuchucha madzi opanda tizilombo, X-ray ikuonetsa fupa litadyeka mozungulira. Wosadziwa amalemba maantibayotiki pachabe, ndipo opaleshoni imene ankaithawa ija imachitikabe.

Kafukufuku wosakaniza seramiki ndi pulasitiki anabwera kudzakonza zimenezi. Ufa wa TCP, pafupifupi magawo 30 pa 100, umachepetsa ukali wa asidi n'kupatsa fupa pogwira, pomwe pulasitiki amaletsa kusweka. Ufa ukachuluka, sikuluwu imaduka pomanga. Ngati n'chodzazira, timabowo take tikhale pafupifupi mamaikulomita 300 (mamilimita 0.3) kapena kuposa kuti mitsempha ya magazi ilowe.

Ndalama yobisika ili apa: zinthu zokhala ndi pulasitikizi sizilowa mu otokilevi, makina ophera tizilombo pa zida ndi nthunzi. Nthunzi yake imafika madigiri 121, pomwe PCL, mtundu wina wa pulasitikiyu, imasungunuka pafupifupi pa 60. Paketi ikatsegulidwa, chotsala chatayika, ndipo yatsopano ndi yochokera kunja, yogulidwa ndi ndalama zakunja zimene tikuzisowa kalezi.

Ine ndinganene motere: pa bowo laling'ono losanyamula thupi, beta-TCP yosakaniza ndi fupa la mwini. Pa sikuluwu yosungunuka, yosakaniza osati pulasitiki yekha. Pa fupa la ntchafu kapena la msongolo, palibe chosakaniza chimene chingasenze munthu wamkulu. Msomali kapena puleti yachitsulo ikufunikabe. Ndipo ngati m'balamo muli mafinya, yambani mwachotsa fupa lakufa lonse musanatsegule paketi iliyonse.