Fulashi ya 8GB ya nyimbo za Khirisimasi: nyimbo nzabwino, koma kaikidwe kake nkoperewera

Nyenyezi 3 mwa 5.

Iyi ndi fulashi ya mtundu umene anyamata oika nyimbo pamsika amagulitsa Disembala akangoyamba, nyimbo zili kale m'kati. Ndayiyesa masabata atatu pa sipika ya Bluetooth yokhala ndi polowetsa USB, pa wayilesi ya m'galimoto ndiponso pa kompyuta.

Amene anasankha nyimbozi amadziwa zimene anthu amafuna kumva nyengo imeneyi. Chimbale cha Khirisimasi cha Boney M cha 1981 chilimo chonse, pamodzi ndi "Mary's Boy Child" imene gululi linatulutsa mu 1978 ndipo mpaka pano imamveka m'sitolo ndi m'minibasi. Jim Reeves alimo ndi chimbale chake cha 1963, chija akuluakulu amachikonda m'mawa pokonzekera za kutchalitchi. "Feliz Navidad" ya José Feliciano ya 1970 ilimo. "Silent Night" ilimo kanayi, makwaya osiyanasiyana, ndipo yondifika pamtima ndi ya mawu ndi gitala basi, monga inaimbidwira koyamba ku Oberndorf m'dziko la Austria mu 1818. Foda ya makwaya a m'Chichewa ndiyo yochepa kwambiri, komanso mafayilo ake angolembedwa "Track 01", "Track 02", popanda dzina la kwaya. Zimenezi nzomvetsa chisoni, chifukwa ukaikonda nyimbo sungadziwe woti umufunefune.

Vuto lalikulu ndi kusiyana kwa mphamvu ya mawu. Nyimbo zakale zimamveka pansi, mukweza voliyumu, kenako yatsopano ikalowa sipika imachita kunjenjemera ndipo ana amatseka makutu. Chifukwa chake nchakuti mafayilowa anatoleredwa malo osiyanasiyana osawalinganiza. Mankhwala ake ndi pulogalamu yaulere ya MP3Gain: koperani nyimbo zonse pa kompyuta, siyani mulingo pa 89 dB monga imabwerera, dinani Track Analysis kenako Track Gain. Siiwononga nyimbo, imangolinganiza kukwera kwa mawu.

Chimene simungakonze ndi nyimbo zofinyidwa kwambiri. Zina zili pa 64 kbps (nambala imeneyi ikachepa ndiye kuti nyimbo yafinyidwa kwambiri), ndipo pa sipika yaikulu mawu a masopurano amamveka ngati akuimbira m'chitini. Yang'anani kukula kwa fayilo: nyimbo ya mphindi 4 pa 128 kbps imakhala pafupifupi 4MB. Mukaona ya mphindi 4 ili 2MB, dziwani kuti yafinyidwa. Ndipo panalibe chifukwa choti atero, poti 8GB imanyamula nyimbo pafupifupi 2,000 za 128 kbps, pamene munomu malo opitirira theka angokhala.

Wayilesi ya m'galimoto inadumpha nyimbo zingapo. Zimenezo ndi za mafayilo a mtundu wa M4A ndi MP4, zotengedwa ku mavidiyo, ndipo mawayilesi ambiri akale amawerenga MP3 ndi WMA basi. Zina mwa izo zimayamba ndi munthu akulankhula kwa theka la mphindi. Zisintheni kukhala MP3 pogwiritsa ntchito pulogalamu ya VLC. Fulashi yokhayo inafomatidwa (kukonzedwa kuti izisunga mafayilo) mwa mtundu wa FAT32, ndipo apa anachita bwino. Mukadzaifomatanso musasankhe NTFS kapena exFAT, masipika ambiri otsika mtengo sadzaiona nkomwe.

Masipika amenewa kawirikawiri amaimba motsatira mmene mafayilo analowera, osati maina awo. Ndiye ngati mukufuna za kutchalitchi ziyambe, zovina zibwere nthawi ya mpunga ndi nkhuku, fufutani zonse mufulashi mutasunga kaye pa kompyuta, kenako bwezeretsani foda imodziimodzi mwa dongosolo lanu. Musanatsegule chilichonse, ipimeni ndi antivayirasi. Kompyuta za pamsika zimalandira mafulashi ambirimbiri patsiku, ndipo kachilombo kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut kamafala njira yomweyi.

Pali china chimene chimandivuta mumtima. Palibe chosonyeza kuti makwaya athu amene ali mufodamo amapezapo kanthu. Funsani wogulitsa ngati ali ndi chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso m'Malawi, ndipo kwaya ya kumpingo kwanu ikatulutsa nyimbo zake, gulani kwa eni ake.

Musanapereke ndalama, muuzeni mnyamatayo akuimbireni nyimbo yoyamba, ya pakati ndi yomaliza pa sipika yake. Mafulashi abodza, olembedwa 8GB pamene mkati ndi 2GB, amaonetsa maina onse koma nyimbo zakumapeto zimakana kulira.