Yoga kapena kope la zothokoza?

Ena amati ukafuna mtima woyamikira uzichita yoga, ena akuti ayi ingogula kope uzilembamo zabwino zomwe zakuchitikira. Zonse zimathandiza koma mosiyana.

Kope ndi lotchipa, bolopeni basi. Mu 2003 Robert Emmons ndi Michael McCullough a ku America anapeza kuti anthu omwe ankalemba zothokoza sabata iliyonse ankaona moyo wawo bwino kuposa omwe ankalemba zowakwiyitsa. Vuto lake pakapita nthawi umangobwereza zomwezo, banja, ntchito, banja, ntchito, mpaka zimakhala ngati homuweki.

Yoga, ija inachokera ku India, imayambira m'thupi. Uyala mphasa, upuma pang'onopang'ono ndi mphuno, mtima umasiya kuthamanga, ndiye pomaliza pa kagonedwe kotchedwa savasana, ukagona chagada osagwedezeka umayamba kumva kuti eee miyendo yangayi yandinyamula tsiku lonse, msana womwe ndimaudandaulawu ukugwirabe, kuthokoza kumangobwera kokha osachita kukakamiza. Koma imafuna nthawi ndi malo a phee, ana akamakukwera pamsana ndiye iwala, ndipo ngati bondo limavuta yamba wafunsa adokotala.

Ineyo ndimakondera yoga, kope ndimalisiyira masiku otopa.