Kalasi ya chingerezi yamadzulo ku Limbe, pitani koma malo ndi ochepa

Amene mwakhala mukufunsa za kalasi ya chingerezi ija yamadzulo ku Limbe, ine ndikuti pitani, ndalama zanu sizipita pachabe. Madamu ake ndi mayi wachikulire ndithu ndipo saphunzitsa zoloweza ngati za MSCE zija ayi, amatenga mawu omwe timangowamva m'mafilimu ndi pa Facebook nkuwasenda bwinobwino mpaka aliyense amve.

Sabata yatha tinali pa "love at first sight". Ambirife timangodziwa kuti ndi zachikondi basi. Iwo anati ndi pomwe wangomuona munthu koyamba, simunayankhulane, dzina lake sukulidziwa koma mtima wapita kale, mtsikana wakwera minibasi pa Ginnery Corner iwe mpaka kuiwala kuti umatsikira pa Chichiri. Koma ngati mwakhala mukuimba limodzi kwaya zaka ndi zaka kenako nkuyamba kufunana, mawuwa pamenepo sagwira. Anatsindikanso kuti ndi "at" osati "on" ndipo sumaika "a" kutsogolo, umangoti "it was love at first sight". Chomwe chinandisangalatsa kwambiri nchoti eni chiyankhulocho amanena chomwecho ngakhale pa zinthu, nyumba, galimoto, olo nsapato yomwe waiona pa kaunjika nkukanika kuisiya. Pomwe mukangogwirizana ndi munthu tsiku loyamba ngati abwenzi chabe mumati "we hit it off", musasokoneze ziwirizi kuntchito, mungachite manyazi.

Bambo wina wakumbuyo anaimika dzanja nkuti madamu, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, zimenezo si chikondi nkutengeka ndi nkhope. Madamu sanawatsutse, anangoti chabwino bambo, tsopano tiuzeni zomwezo m'chingerezi. Eee mkangano unabuka, ndi amanyazi omwe amene samatsegula pakamwa anayankhula tsiku limenelo, madamu akungolemba zolakwika zathu pabolodi osadula munthu pakati. Amene mukukonzekera IELTS, mayeso a chingerezi a ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, izi ndiye zofunika.

Zondidandaulitsa zilipo. Chipinda nchaching'ono komanso chotentha, magetsi akazima timawerenga ndi matochi a mafoni, ndipo nthawi zina amatulutsa mochedwa moti a ku Ndirande ndi ku Bangwe timapeza makondakitala akweza kale mtengo. Manotsi amatumiza pa WhatsApp ndiye muzikhala ndi kabando, ndipo fikani msanga mupeze mpando wapawindo.