Mabuleki a labala kapena a disiki kuno ku chigwa cha Shire

Mnzanga wa kabaza pa Nchalo wagula njinga ya kaunjika ya mabuleki a disiki, ndiye watisowetsa mtendere ife a Humber, akuti tidakali m'mbuyo. Ndinamubwereka ndiione ndekha.

Pamatope sindingatsutse. Mvula ikagwa, makande a ku Ngabu amamatirira pa limu, labala n'kumangoterera. Umafinya mpaka dzanja kuwawa, thayala lizungulire kawiri katatu, ndiye buleki igwire, mbuzi utaigunda kale. Mchenga nawo umalowa m'labala n'kumadya limu pang'onopang'ono. Disiki ili pakati pa wilo, patali ndi thope, ndipo imagwira pompo. Ngakhale limu ipindike chifukwa cha matumba a chimanga, iyo ilibe nazo ntchito, pamene labala amayamba kukhula mbali imodzi.

Potsika zitunda zochokera ku Blantyre kudzafika pa Thabwa disiki imapambananso. Labala amatenthetsa limu, ndipo ndi katundu kumbuyo, dzuwa la Okutobala lili pamutu, chubu chikhoza kuphulika. Disiki imatenthanso, osaigwira ndi chala, koma moto wake sufika ku thayala.

Nanga ndi angati timatsika zitundazo? Kuchokera pa Dyeratu mpaka ku Bangula msewu ndi wa see. Chimene chimativuta kuno n'kukonza. Labala ali pa mekaniki aliyense wa pansi pa mtengo, ndipo zikavuta ena amangodula chidutswa cha thayala lakale n'kumangirira. Mapadi, tizidutswa timene timafinya disikiyo, amasiyana maonekedwe, ogula njinga ya kaunjika ayenera kuyenda ndi akalewo kukafananitsa. Oilo wa tcheni akangodonthera pa disiki, mapadi amalira ngati nkhumba, osagwiranso bwino. Mukakweza njinga pa lole n'kuipanikiza ndi katundu, disiki imapindika. Buleki ya mnzangayo ndi yoyendera mafuta a m'paipi, osati waya, ndiye paipi yake itadontha muli ku Makhanga, konzekani kukankha.

Musavutikenso n'kufuna kuika disiki pa Humber. Felemu yake ilibe pomangira, habu nayo ndi ina.

Amene mumayenda m'matope a ku East Bank tsiku ndi tsiku, gulani ya disiki, koma ya waya, chifukwa waya ukaduka mupeza wina pa msika. Ine njinga ija ndabweza, ndagula labala watsopano, ndawongoletsa limu ya kumbuyo.