Msampha kapena poizoni pakhola la akalulu?

Makoswe amabwera pakhola potsata madeya otayikira pansi, koma akazolowera amayamba kuluma ndi tiana ta kalulu tongobadwa kumene.

Poizoni savuta: mwaika madzulo, mwakagona. Vuto lake khoswe amakoka nyambo n'kukaisiya pena, mwina m'khola momwemo, ndipo kalulu akaidya satha kusanza. Poizoni wina amapha patatha masiku angapo, khoswe n'kukafera kudenga, fungo lake losanena. Mphaka kapena galu akatola wakufayo, nayenso ali m'madzi. Tameki ndiye musayerekeze n'komwe, amapha ndi anthu omwe.

Msampha umafuna khama. Khoswe amakayikira chinthu chachilendo, choncho usiyeni masiku awiri kapena atatu osautchera, mutapakapo chiponde kapena kuikapo kausipa kowotcha. Kenako utchereni m'mbali mwa khoma, m'kabokosi koboola kakhomo kakang'ono, kuti kalulu asapondepo. M'mawa uliwonse muzikaona.

Ine ndimasankha msampha. Madeya ndimasunga m'ndowa yachitsulo yovundikira, ndipo mipata ndinatseka ndi waya wa timabowo ta mamilimita 6, poti mbewa imalowa paliponse pamene pangalowe pensulo.